Mphoto za akatswiri a zithunzi za m'mafilimu ndi nkhani ya khungu lathu

Wojambula maukwati, Dedza boma:
Akuluakulu nonse a pa gulu lino, ndabwera ndi nkhani yoti tithandizane nzeru, makamaka inu amene munaphunzira sayansi ndi makompyuta. Ikafika nyengo ya mphoto za Oscar, ambirife timangotchera khutu kuti timve dzina la wochita sewero amene wapambana, koma bungwe la ku America lopereka mphotozi limakhalanso ndi mwambo wina wapadera wolemekeza anthu amene anatulukira zipangizo ndi njira zopangira mafilimu. Anthu amenewa nkhope zawo sitizidziwa, komatu ndiwo amachititsa kuti munthu aoneke akuuluka, mzinda uoneke ukumira m'madzi, kapena chilombo chimene kulibe chioneke chikupuma. Funso langa ndi lakuti, mwa zonse zimene zinalandira mphoto zimenezi, ndi ziti zimene zili ndi phindu kwa ife amene tikujambula kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ndi kamera imodzi komanso laputopu imodzi?

Mphunzitsi wa sayansi, Bembeke:
Achimwene, mwafunsa bwino. Mphoto za sayansi ndi luso anayamba kuzipereka mu 1931, ndipo zili m'magulu atatu: yotsika ndi satifiketi, yapakati ndi chikwangwani chokongoletsedwa, ndipo yapamwamba ndi kachiboliboli ka Oscar kenikeni, kamene kamaperekedwa mwa apo ndi apo kwa chinthu chimene chasinthiratu kagwiridwe ka ntchito. Chimene chimandikondweretsa n'chakuti oweruza ake safulumira. Amadikira kuti chipangizocho chigwiritsidwe ntchito kwa zaka ndithu ndipo phindu lake lionekere kwa aliyense, osati kungotengeka ndi chinthu chifukwa ndi chatsopano.

Pa funso lanu, ine ndingayambe ndi Petro Vlahos, chifukwa ntchito yake muli nayo kale m'laputopu mwanumo. Nsalu ya buluu yoimika kumbuyo kwa wojambulidwa inalipo iye asanafike, pakuti Larry Butler anaigwiritsa ntchito pa The Thief of Bagdad mu 1940 n'kulandira Oscar. Vuto linali m'mphepete mwa thupi, chifukwa tsitsi, utsi, galasi ndi chilichonse choyenda mofulumira chinkatuluka ndi mkombero wa buluu. Vlahos anazindikira kuti pa zinthu zambiri zimene timajambula, kuphatikizapo khungu la munthu, mtundu wa buluu supambana wa girini. Choncho paliponse pamene buluu wapambana girini ndiye kuti pamenepo pali nsalu, ndipo kukula kwa kupambanako kumakuuzani kuti nsaluyo ikuonekera mochuluka bwanji kudzera mu utsi kapena m'tsitsi. Mu 1976 anakhazikitsa kampani ya Ultimatte, ndipo mu 1995 iye ndi mwana wake Paul analandira kachiboliboli kaja. Wolengeza zanyengo pa wailesi yakanema akamaloza mapu amene kumbuyo kwake kulibe, akugwiritsa ntchito nzeru yomweyi.

Wojambula maukwati, Dedza boma:
Aphunzitsi, zikomo kwambiri, pakuti mwakhudza pamene pakundiwawa. Kwaya ina inandipempha kuti ndiijambule ngati yaimirira pamwamba pa phiri la Dedza mitambo ili pansi pa mapazi awo. Ndinagula nsalu ya girini pamsika, ndinaisita bwinobwino kuti makwinya achoke, ndinaikhomera kukhoma la holo, ndipo oimba anaima patsogolo pake atavala yunifolomu yoyera. Nditafika pochotsa nsalu ija pa kompyuta, ndinapeza kuti pa chipumi ndi pa masaya, pamene khungu limanyezimira chifukwa cha mafuta odzola ndi thukuta, panali kuonekera girini wa nsaluyo. Pulogalamu inatenga malo amenewo ngati nsalu n'kuwaboola, moti mtambo unkaonekera pa chipumi cha mayi woyambitsa nyimbo. Tsitsi la anyamata ometa linatuluka bwino, koma la atsikana amene analisiya lachilengedwe linadyeka m'mphepete monse. Ndiye ndikufunsa: kodi vuto ndi zipangizo zanga zotsika mtengo, kapena njira zimenezi anazipanga osatiganizira ife akhungu lakuda?

Wophunzira za makompyuta, kwawo ku Lizulu:
Malume, zonse ziwiri zilipo, ndipo ndi bwino kuzilekanitsa. Mbali yoyamba ndi yotheka kuikonza mawa lomwe. Anthu anasamukira ku girini chifukwa kachipangizo kolandira kuwala m'makamera ambiri kali ndi timaso ta girini towirikiza kawiri poyerekeza ndi tofiira kapena ta buluu, potsatira dongosolo limene Bryce Bayer wa kampani ya Kodak analembetsa mu 1976. Koma girini ndi wowala kwambiri, ndipo amabwerera pa thupi la munthu amene waima pafupi ndi nsalu. Oimba anu akanaima mamita awiri kapena atatu kuchokera kukhoma, nsalu n'kukhala ndi nyale zakezake, anthu n'kukhalanso ndi zawo, kubooka kwa chipumi kukanachepa. Kudyeka kwa tsitsi kumakulanso chifukwa mafoni ndi makamera ang'onoang'ono amataya mbali yaikulu ya mitundu posunga vidiyo kuti fayilo ichepe.

Mbali yachiwiri ndiyo yozama. Mu 2004, Henrik Wann Jensen, Stephen Marschner ndi Pat Hanrahan analandira satifiketi ya bungwe lija chifukwa cha masamu ofotokoza mmene kuwala kumayendera mkati mwa khungu. Kuwala kukagwa pa thupi sikubwerera konse pomwepo. Kwina kumalowa, kumayendayenda mkati, n'kutulukira pena, ndipo n'chifukwa chake mukaika tochi kuseri kwa zala usiku mumaona kufiira. Masamu amenewa asanabwere, munthu wopangidwa pa kompyuta ankaoneka wouma, ndipo atabwera, zolengedwa ngati Gollum wa mu The Lord of the Rings zinayamba kuoneka zamoyo. Palibe angatsutse kuti inali ntchito yaikulu. Koma Theodore Kim, amene anagwirapo ntchito ku Pixar, kampani yopanga mafilimu a makatuni, ndipo tsopano amaphunzitsa pa yunivesite ya Yale, ndipo iyenso analandira mphoto zimenezi kawiri, analemba mu 2020 kuti kafukufuku yense wa khungu anatsamira pa khungu loyera. Pa khungu lakuda, melanin, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wakuda, imamwa kuwala kochuluka kumene kwalowa mkati, choncho chimene chimaonetsa maonekedwe a nkhope ndi kunyezimira kwa pamwamba. Kunyezimira komweko kumene kunakuvutitsani pa chipumi cha mayi uja ndiko kukongola kwa khungu lathu, ndipo ndiko kumene akatswiri sanakupatse chidwi chokwanira kwa zaka zambiri.

Mayi wa saluni, Ntcheu boma:
Pepani kuti ndalowerera nkhani ya ophunzira, koma mwatchula tsitsi, ndipo tsitsi ndiyo ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ana anga amaonera makatuni, ndipo ndakhala ndikuona kuti mtsikana wachizungu akatembenuza mutu tsitsi lake limagwedezeka chingwe chilichonse payekhapayekha, koma mwana wakuda amamuika chinthu chonga thonje lomatidwa pamutu. Aliyense amene anapesapo mwana wathu amadziwa kuti tsitsi lathu silikhala chomwecho. Kumizu limakhala lothithikana ndi lofewa, likamatalika zingwe zimagwirana m'timagulu n'kumapotana pamodzi, pena chingwe chimapotana mbali ina kenaka n'kubwerera, ndipo likanyowa limafupika kwambiri. Mchimwene wanga wa ku Lizulu, kodi mwa akatswiri onse olandira mphotowo palibe amene anakhalapo pansi n'kuliyang'anitsitsa tsitsi limeneli?

Wophunzira za makompyuta, kwawo ku Lizulu:
Mayi, zimene mwalembazi zandidabwitsa, chifukwa mwatchula pafupifupi zonse zimene zili mu kafukufuku amene anatuluka mu 2024. Theodore Kim yemweyo, pamodzi ndi A.M. Darke wa pa yunivesite ya California ku Santa Cruz ndi anzawo ena, anatulutsa masamu ofotokoza tsitsi lopotana kwambiri, ndipo zinthu zimene anaziika patsogolo ndi kugwirana kwa zingwe m'timagulu, kubwerera kwa kupotana, ndi zingwe zimene zimatuluka m'kagulu n'kubwereramo. Darke anayambitsanso nkhokwe yaulere ya pa intaneti ya masitayelo a tsitsi la anthu akuda, yotchedwa Open Source Afro Hair Library. Taganizirani kuti filimu yoyamba yaitali yopangidwa yonse pa kompyuta, Toy Story, inatuluka mu 1995, koma tsitsi lathu linadikira zaka pafupifupi 30 kuti lilembedwe m'masamu moyenera. Zimene inu mumazidziwa ndi zala zanu zinali zisanalowe m'mapulogalamu chifukwa olemba mapulogalamuwo sanafunse anthu ngati inu.

Bambo wopuma pa ntchito, kwa Gomani:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikufuna kubweretsa mbali ina. Ine chimene ndimalakalaka ndisanamwalire ndi kuona mbiri ya Angoni a kwa Maseko pa kanema, makamaka za chaka cha 1896, pamene Inkosi Gomani Woyamba inaphedwa ndi asilikali a atsamunda. Nkhani imeneyi singajambulidwe ndi anthu khumi ayi, ikufunika khamu la ankhondo lodzaza chigwa. Ndinamva kuti makamu aakulu amene timawaona m'mafilimu a nkhondo si anthu enieni onse. Aphunzitsi a ku Bembeke, tafotokozani mmene amachitira, komanso ngati zingatheke kwa ife.

Mphunzitsi wa sayansi, Bembeke:
Bambo, zimene munamvazo n'zoona. Pulogalamu yodziwika pa ntchito imeneyi ndi Massive, imene Stephen Regelous anailemba ku New Zealand pokonzekera The Lord of the Rings, ndipo analandira nayo chikwangwani chija mu 2004. Iye asanabwere, wofuna khamu ankalemba ganyu anthu masauzande, kapena ankajambula kagulu kochepa n'kukabwereza malo ambiri, zimene diso limazindikira msanga. Regelous anapatsa msilikali aliyense wa pa kompyuta maso, makutu ndi malamulo osankhira chochita: akaona mdani pafupi amakantha, pansi pakakhala potsetsereka amasintha mayendedwe, mnzake akagwa patsogolo amamulambalala. Motero asilikali masauzande amayenda mosiyanasiyana popanda munthu wowayendetsa mmodzimmodzi.

Koma pali mfundo imene ikugwirizana ndi zimene mayi a saluni anena. Msilikali wa pa kompyutayo sadzipangira yekha mayendedwe. Amasankha kuchokera m'nkhokwe ya mayendedwe a anthu enieni amene anajambulidwa atavala zovala zokhala ndi timadontho. Ngati nkhokweyo ili ndi mayendedwe a asilikali a ku Ulaya onyamula malupanga, ankhondo anu adzayenda ngati a ku Ulaya ngakhale mutawaveka zikopa ndi nthenga. Kaponde ka phazi ka ingoma, kanyamulidwe ka chishango ndi chibonga, ndi mmene gulu lonse limaweramira nthawi imodzi, zimenezo ziyenera kutengedwa kwa ovina athu, anthu amene timawaona ku Umhlangano ku Nkolimbo. Pulogalamu mukhoza kugula kapena kupeza ina yofanana nayo, koma nkhokwe ya mayendedwe a Angoni palibe adzatipangire ku New Zealand.

Mwini vidiyo sho, Linthipe:
Ine ndikuvomereza kuti nkhaniyi ndi yokoma, koma ndikupempha kuti tisaiwale ndalama. Ndakhala ndikuonetsa mafilimu kwa zaka zambiri, ndipo ndimadziwa chimene chimasunga anthu pa benchi: nkhani yogwira mtima ndi Chichewa chomveka bwino. Ntchito ya VFX, yopanga zithunzi za m'filimu pa kompyuta, imagwetsa ngakhale makampani aakulu. Kampani ya Rhythm and Hues inapanga nyalugwe wa mu Life of Pi, amene anthu ambiri ankaganiza kuti ndi nyama yeniyeni, koma mu February 2013, mwezi womwe akatswiri ake analandira Oscar, kampaniyo inali italengeza kale kuti yagwa ndi ngongole, ndipo antchito ambiri anachotsedwa. Ngati zinatero ku Los Angeles, nanga kuno kumene filimu ikatuluka lero mawa ili pa mamemole khadi a aliyense? Ndikukumbutseninso kuti mu Jurassic Park ya 1993, zilombo zopangidwa pa kompyuta zimaoneka kwa mphindi pafupifupi zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo zambiri zotsalazo zinali zidole zazikulu zoyenda ndi makina zimene gulu la Stan Winston linapanga ndi manja. Kwa ine phunziro lake ndi kugwiritsa ntchito kompyuta pang'ono, pamalo pokhapo pamene kamera yalephera.

Wophunzira za makompyuta, kwawo ku Lizulu:
Bambo a ku Linthipe, pa kugwiritsa ntchito pang'ono ndikugwirizana nanu kotheratu, koma pa mtengo zinthu zasintha kuposa mmene ambiri akudziwira. Mu 2024, Oscar ya VFX inapita ku Japan kwa Godzilla Minus One, filimu imene zigawo zake 610 za VFX zinapangidwa ndi anthu 35 okha, pamene mafilimu aakulu a ku America amalemba anthu mazanamazana. Mu 2025, Oscar ya filimu ya makatuni inapita ku Latvia, dziko laling'ono kwambiri poyerekeza ndi Malawi pa chiwerengero cha anthu, chifukwa cha filimu ya Flow, imene Gints Zilbalodis ndi gulu lake anaipanga ndi Blender, pulogalamu yaulere imene aliyense wa ife angaitsitse ngati ali ndi bandulo yokwanira.

Ndipo nzeru zambiri zimene zinalandira mphoto zili kale m'mapulogalamu aulerewa. Ken Perlin analandira satifiketi mu 1997 chifukwa cha masamu opangira kusalongosoka kooneka kwachilengedwe, amene anawaganiza atagwira ntchito pa Tron ya 1982 n'kutopa ndi zithunzi zosalala mopitirira. Nkhungu imene imakuta mapaini a m'phiri la Dedza mu June, malume akanatha kuipanga ndi masamu amenewo popanda kulipira tambala. Houdini, pulogalamu yopangira zinthu monga moto, madzi ndi utsi pa kompyuta, imene inalandira kachiboliboli mu 2018, ili ndi mtundu waulere wa ophunzira. Ngakhale pa vuto lathu la kuzima kwa magetsi pali chothandiza: musamalamule kompyuta kutulutsa vidiyo imodzi yaitali, koma izitulutsa chithunzi chimodzichimodzi, mwachitsanzo mu mtundu wa OpenEXR umene Florian Kainz analandira nawo satifiketi mu 2007, kuti magetsi akazima mudzapitirize pamene munalekezera m'malo moyambiranso.

Wosema ziboliboli, Mua:
Ndikufuna kuchenjezako pang'ono tisanathamange. Achinyamata ena anabwerapo kuno ndi foni, n'kumazungulira chosema changa akuchijambula mbali zonse, ndipo pasanathe ola anandionetsa chosemacho chikuzungulira pa foni chili chathunthu. Luso lake ndinaligomera, koma mtima unandigunda nditaganiza kuti zomwezo angachite ndi nkhope za Gule Wamkulu. Gule ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo UNESCO inamulemekeza mu 2005 chifukwa cha mwambo wonse, osati maonekedwe okha. Chilombo chimatuluka pa nthawi yake ndi pa chifukwa chake, pa maliro, pa chinamwali kapena polonga ufumu. Chikalowa m'kompyuta, aliyense akhoza kuchivinitsa potsatsa malonda kapena kuchisandutsa chiwanda cha mu filimu yoopsa. Chimodzimodzinso zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, malo 127 amene analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, zimene zina mwa izo zimakhudza chinamwali ndi za kudambwe. Ndikupempha kuti amene akufuna kujambula zinthu zotere ayambe waonana ndi mafumu ndi akuluakulu a mwambo, ndipo pa Chongoni apemphenso chilolezo ku nthambi ya boma yoyang'anira malo a mbiri yakale.

Bambo wopuma pa ntchito, kwa Gomani:
Mawu amenewa ndi oona, ndipo akukhudzanso ingoma. Ngati mayendedwe a ovina athu adzatengedwe, zidzayambire kwa Inkosi ndi nduna zake, ovinawo adzalipidwe, ndipo zidzalembedwe poyera kuti nkhokweyo mwini wake ndani.

Mphunzitsi wa sayansi, Bembeke:
Ndibwerere ku khungu, chifukwa pamenepa pali chimene tingachite ndi manja athu popanda kukhudza za mwambo. Mu 2010, Paul Debevec, Tim Hawkins, John Monos ndi Mark Sagar analandira chikwangwani chifukwa cha Light Stage, chimpira chachikulu chokhala ndi nyale zambirimbiri, mmene munthu amakhala pakati n'kujambulidwa kuwala kukuchokera mbali iliyonse. Chinathandiza pa nkhope yokalamba ya mu The Curious Case of Benjamin Button ya 2008. Chimpira chimenecho sitingachikwanitse, koma imodzi mwa nzeru zake ndi fizikisi imene timaphunzitsa. Mukaika sefa ya polaroid, imene imangolola kuwala kogwedezeka mbali imodzi kudutsa, pa nyale ndi ina pa kamera, n'kuitembenuza ya pa kamerayo mpaka ipingasane ndi inzake, kunyezimira kwa pamwamba pa khungu kumazimiririka, n'kutsala kuwala kumene kunalowa mkati. Mukajambulanso sefa zitalunjikana, kusiyana kwa zithunzi ziwirizo kumakuonetsani kunyezimira pakokha. Tikachita zimenezi pa nkhope zosiyanasiyana za kwathu kuno, zakuda bii ndi zoyererako, zodzola ndi zosadzola, tidzadziwa ndi maso athu mmene tingaunikire anthu athu patsogolo pa nsalu ya girini, komanso manambala oyenera kuika mu Blender popanga khungu lathu.

Wojambula maukwati, Dedza boma:
Aphunzitsi, sefa ya pa kamera ndili nayo, imene ndimagwiritsa ntchito pojambula magalimoto a ukwati kuti magalasi asanyezimire. Yotsala ndi ya pa nyale, ndipo ndifunsa anzanga ogulitsa zipangizo ku Lilongwe sabata ino. Ndikupempha kuti tikumane Loweruka la kumapeto kwa mwezi kuno ku boma, madzulo, kuti chipinda chikhale cha mdima. Mphwanga wa ku Lizulu abwere ndi laputopu yokhala ndi Blender, ndipo mayi a saluni, ngati mungathe kukwera minibasi kudzafika, mubwere ndi anthu awiri kapena atatu a tsitsi losiyana, lachilengedwe, loluka ndi lamadiredi, amene avomera okha kujambulidwa. Nsalu ya girini ndiikhomanso, koma ulendo uno tiyeza mtunda ndi tepi n'kulemba zonse m'kope, kuti amene sadzakhalapo adzazipeze pa gulu pano.